Makalata a John Herschel, Katswiri wa Nyenyezi Wokonda Ndakatulo

 Lero tikubwerera m'mbuyo kukafika ku England wa zaka za m'ma 1800, nthawi ya Mfumukazi Victoria, kuti tikamasule mtolo wa makalata a munthu mmodzi, Sir John Herschel, katswiri wa nyenyezi.

Akatswiri a mbiri yakale atasonkhanitsa makalata amene Herschel adalemba ndi amene adalandira, n'kuwandandalika m'buku limodzi mu 1998, adapeza kuti ndi oposa 14,000. Ambiri mwa iwo akusungidwa ku Royal Society mumzinda wa London. M'makalatamo muli masamu, muli malo a nyenyezi, muli mankhwala ojambulira zithunzi, komanso muli ndakatulo, mikangano, nthabwala ndi nkhani za pakhomo. Wowawerenga amaona chimene buku la kusukulu limabisa. Nzeru zambiri zimene ana amaloweza lero ngati zinthu zodziwikiratu zidayamba ngati funso la munthu kwa mnzake, lolembedwa ndi nthenga yoviika mu inki, wolembayo asakudziwa ngati akulondola kapena akusochera.

Kutumiza kalata masiku amenewo sikudali kwa masewera. Chisanafike chaka cha 1840, ku Britain kawirikawiri wolipira adali wolandira kalatayo, ndipo mtengo unkatengera kutalika kwa mtunda ndi kuchuluka kwa mapepala. Envulopu inkawerengedwa ngati pepala lina, choncho anthu ankangopinda kalatayo n'kuimata ndi phula. Ofuna kusunga ndalama ankati akadzaza pepala, ankalitembenuza cham'mbali n'kulembanso pamwamba pa zolemba zoyamba, mizere n'kumapingasana ngati nsungwi za lichero. Mu 1840, kutsatira maganizo a Rowland Hill, boma lidakhazikitsa mtengo umodzi wa peni imodzi ndipo sitampa yoyamba idatuluka. Kuyambira pamenepo makalata adasefukira, ndipo tebulo la Herschel silinkauma.

John Herschel adabadwa pa 7 Malichi 1792 ku Slough, m'nyumba imene anthu ake ankagona masana chifukwa usiku udali wa ntchito. Bambo ake, William Herschel, adachokera ku Hanover ku Germany ngati woimba nyimbo, koma adatchuka mu 1781 atatulukira pulaneti ya Uranus. Azakhali ake, Caroline Herschel, ndiwo ankakhala pa tebulo usiku wonse kulemba zimene mlongo wawo ankafuula ali pamwamba pa telesikopu, ndipo paokha adatulukira nyenyezi za mchira zisanu ndi zitatu. William atamwalira mu 1822, Caroline adabwerera ku Hanover, ndipo kuyambira pamenepo ubale wa azakhali ndi mwanayo udatsalira pa pepala. Ali nkhalamba ya zaka zoposa 70, Caroline adasanja mwatsopano m'ndandanda wa timitambo towala ta kuthambo pafupifupi 2,500, timene akatswiri amatitcha nebula, kuti John asavutike potiyang'ananso kamodzikamodzi. Ntchito imeneyi idawapatsa mendulo yagolide ya bungwe la akatswiri a nyenyezi la ku London mu 1828. Adapitiriza kulemberana ndi John mpaka atakalambiratu, ndipo adamwalira mu 1848 ali ndi zaka 97.

Anzake a ku yunivesite ya Cambridge nawonso adakhala anzake a makalata moyo wonse. Mmodzi adali William Whewell, wina Charles Babbage. Mu 1821 Herschel ndi Babbage ankafananiza mindandanda ya manambala owerengetsedwa pamanja, n'kumapezamo zolakwika zambirimbiri, mpaka Babbage adatopa n'kulakalaka makina oti azigwira ntchitoyo. Makina amene Babbage adayamba kupanga pambuyo pake amatchulidwa lero ngati gogo wa kompyuta. Mary Somerville, mayi wodziphunzitsa yekha masamu, adatumizira Herschel zolemba za buku lake lofotokoza kayendedwe ka mapulaneti lisanasindikizidwe mu 1831, ndipo Herschel adaliwerenga n'kumulimbikitsa, nthawi imene yunivesite za ku England sizinkalandira akazi.

Makalata okoma kwambiri ndi amene adalembedwa mu Africa muno. William adali atasanthula thambo la kumpoto, ndipo John adafuna kumaliza ntchitoyo ndi thambo la kumwera. Adakwera sitima mu Novembala 1833 pamodzi ndi mkazi wake Margaret ndi ana aang'ono, n'kufika ku Cape Town pakati pa Januwale 1834. Ulendo wa miyezi iwiri umenewu ndiwo udalinso ulendo wa kalata iliyonse. Munthu ankafunsa funso mu Januwale, yankho n'kudzalilandira mu Meyi kapena Juni, choncho ankalemba moganizira kawiri, n'kuyankhiratu ngakhale mafunso amene mnzakeyo sanafunse.

Banjali lidakhala pa famu yotchedwa Feldhausen, kuseri kwa phiri la Table. Pamenepo Herschel adaimika telesikopu yotalika mamita 6, yokhala ndi kalilole wachitsulo wa masentimita pafupifupi 47 m'mimba mwake. Kaliloleyo adali wosakaniza kopa ndi tini, ndipo mpweya wa kunyanja unkamudetsa msanga. Herschel adabwera ndi akalilole atatu kuti wina akamagwira ntchito, wina azipukutidwa. Usiku iye ankakwera makwerero n'kuima pakamwa pa telesikopuyo, diso lili pa galasi, nyenyezi zikudutsa imodziimodzi, iye n'kumalemba nthawi ndi malo ake. Pa zaka zinayi adalemba timitambo towala toposa 1,700 ndi nyenyezi zokhala ziwiriziwiri zoposa 2,000. Masana ankajambula maluwa a ku Cape ndi pensulo, Margaret n'kumawapaka utoto.

Makilomita ochepa kuchokera pa famuyo padali nyumba ya boma yoonera nyenyezi, ndipo mkulu wake, Thomas Maclear, dokotala wa ku Ireland amene adasiya zachipatala chifukwa cha nyenyezi, adafika ku Cape mwezi womwewo. Telesikopu ya Herschel inkaona patali koma sinkayeza malo molondola kwenikweni. Zipangizo za Maclear zinkayeza molondola koma sizinkaona zinthu zofooka kuwala. Choncho timakalata tinkayenda uku ndi uku, wina kupempha malo enieni a nyenyezi yakutiyakuti, wina kudandaula za chipangizo chopotoka. Adatsatira limodzi nyenyezi ya mchira ya Halley kumapeto kwa 1835 ndi kumayambiriro kwa 1836. Mu Disembala 1837 Herschel adadabwa kuona nyenyezi imene lero imatchedwa Eta Carinae itawala mwadzidzidzi mpaka kupikisana ndi nyenyezi zowala kwambiri kuthambo. Dzina la Maclear mulisunge, omvera, chifukwa lidzatifikitsa kwathu kuno.

Pa 20 Febuluwale 1836, Herschel adalemba kalata yaitali kwa Charles Lyell, katswiri wa miyala ndi nthaka. Adali atawerenga buku la Lyell lonena kuti mapiri ndi zigwa zidapangika pang'onopang'ono pa nthawi yaitali zedi. Herschel adagwirizana nazo, koma adapitirira pamenepo. Adafunsa kuti mitundu ya zamoyo ikatha padziko, ina yatsopano imabwera bwanji, ndipo adati limeneli ndilo funso lozama kuposa onse. Adalimba mtima kunena kuti mwina Mlengi amachita zimenezi kudzera m'malamulo a chilengedwe amene munthu angathe kuwafufuza. M'kalata yomweyo adakambanso za zinenero. Adati mawu amene timalankhula ali ngati timiyala tosalala ta mumtsinje, totsalira ku zinenero zakale, ndipo kuti zinenero zisiyane monga zasiyaniranamu pafunika zaka zambiri kuposa zimene anthu a nthawi yake ankawerengera. Munthu wongodziwa telesikopu sakadaganiza motero. Adatha kutero chifukwa ankawerenga Chigiriki, Chilatini ndi Chijeremani mofanana ndi mmene ankawerengera masamu.

Patapita miyezi inayi, mu Juni 1836, sitima yotchedwa Beagle idali itakocheza ku Cape, ndipo mnyamata wa zaka 27, Charles Darwin, adakacheza kwa Herschel. Darwin ali wophunzira adawerenga buku la Herschel lofotokoza mmene munthu angafufuzire chilengedwe, ndipo adavomereza yekha kuti lidamuyatsa moto wofuna kuchita sayansi. Kalata ija ya kwa Lyell siidathere m'kabati. Lyell adaionetsa anzake, Babbage adasindikiza zigawo zake mu 1837, ndipo Darwin adaiwerenga n'kulimba mtima poona kuti munthu wolemekezeka chotere akulola funsolo kufunsidwa. Mu 1859, pa chiyambi penipeni pa buku lake lonena za chiyambi cha mitundu ya zamoyo, Darwin adatchula funso la Herschel lija, ndipo adamutumizira bukulo pamodzi ndi kalata yaulemu.

Yankho silidakhale lokoma. Darwin adamva kudzera mwa anthu ena kuti Herschel wati maganizo akewo ndi lamulo la chisawawa, ndipo adalembera Lyell kuti mawuwo amukhumudwitsa kwambiri. Herschel sankakana kuti zamoyo zimasintha. Chimene sadathe kumeza n'chakuti kusinthako kungachitike popanda nzeru yotsogolera. Apa mkuluyu adatsegula khomo limene iye mwini adaopa kulowamo, ndipo makalata ndiwo akutionetsa mbali zonse ziwiri, kulimba mtima kwa 1836 ndi kukayika kwa 1859.

Si makalata onse amene ankamusangalatsa. Mu Ogasiti 1835 nyuzipepala ya The Sun ya ku New York idasindikiza nkhani zingapo zonena kuti Herschel, ali ku Cape, waona zamoyo pa mwezi, kuphatikizapo anthu amapiko ngati mileme. Zonse zidali zopeka, ndipo amene amadziwika kuti adazilemba ndi mtolankhani Richard Adams Locke. Nyuzipepala idagulidwa kwambiri, nkhaniyo idamasuliridwa m'zinenero zingapo, koma mwini dzina adaimva mochedwa chifukwa cha kutalika kwa nyanja. Poyamba adaseka. Kenaka mafunso a anthu okhulupirira bodzalo adamuchulukira, mpaka adadandaulira azakhali ake m'kalata kuti akuvutitsidwa nayo nkhaniyi m'Chingerezi, m'Chifalansa, m'Chitaliyana ndi m'Chijeremani.

Asanachoke ku Cape mu 1838, akuluakulu a boma adamufunsa maganizo pa za sukulu. Zimene adalemba zidathandiza kuti mu 1839 dera la Cape likhale ndi dongosolo la sukulu za boma, aphunzitsi olipidwa ndi boma ndiponso mkulu woyang'anira maphunziro.

Atabwerera ku England, mu Januwale 1839, kudamveka mphekesera yoti Mfalansa wina, Louis Daguerre, wapeza njira yogwirira chithunzi pogwiritsa ntchito kuwala. Njirayo idali isanaululidwe. Herschel adalowa m'chipinda chake choyesera mankhwala, ndipo pa masiku owerengeka adajambula chithunzi chake. Chidamuthandiza n'chimene adatulukira zaka 20 m'mbuyomo, mu 1819, kuti mankhwala ena amene ojambula adadzawatcha hypo amasungunula mchere wa siliva. Vuto la ojambula oyambirira lidali lakuti chithunzi chinkapitiriza kuda chikaonekera ku dzuwa, chifukwa siliva wotsalira pa pepala ankapsabe. Kuchitsuka ndi hypo kunkachotsa siliva wotsalirayo, chithunzi n'kukhazikika. Mnzake William Henry Fox Talbot adakhala akulimbana ndi vuto limeneli kwa zaka zingapo, ndipo Herschel adamuonetsa njirayo osapempha kanthu. M'makalata a anthu awiriwa ndimo mudakhazikika mawu ambiri a ntchito yojambula, kuphatikizapo negetivu imene ojambula athu a m'matauni ankatipatsa mu envulopu pamodzi ndi zithunzi. Mu 1842 Herschel adatulukiranso njira yojambulira zithunzi zobiriwira ngati thambo pogwiritsa ntchito mchere wa chitsulo. Chaka chotsatira Anna Atkins adaigwiritsa ntchito popanga buku la ndere za m'nyanja, ndipo kwa zaka zambiri amisiri a zomangamanga ankakopera mapulani a nyumba ndi njira yomweyo.

Mmodzi wa anthu amene ankalandira nkhani za zithunzizi adali kutali ku Calcutta, ku India. Julia Margaret Cameron adadziwana ndi Herschel ku Cape, kumene adapita kukapuma atadwala, ndipo adakhala akulemberana kwa zaka zoposa 30. Herschel ankamufotokozera za luso latsopanoli n'kumutumizira zitsanzo. Ankakambirananso ndakatulo za Chijeremani, pakuti Cameron adamasulira ndakatulo ya Gottfried Bürger ndipo Herschel adamasulira ya Friedrich Schiller. Kumapeto kwa 1863, ali ndi zaka 48, Cameron adapatsidwa kamera ndi mwana wake, n'kukhala mmodzi wa ojambula otchuka a zaka zimenezo. Mu 1867 adapita ku Collingwood, nyumba ya Herschel ku Kent, kukamujambula. Chithunzi chimene anthu ambiri amamudziwira Herschel lero n'chimenecho, nkhope yamakwinya ikutuluka mumdima, imvi zili yakayaka, maso otopa a munthu amene adakhala usiku wambiri osagona.

Kukonda ndakatulo kudafika mpaka kuthambo. Mu 1847, m'buku la zimene adaona ku Cape, Herschel adapereka mayina kwa miyezi isanu ndi iwiri ya pulaneti ya Saturn, monga Titan, Rhea ndi Enceladus, ochokera m'nthano za Agiriki. Mu 1852 William Lassell, amene adatulukira miyezi ina iwiri ya Uranus, adamupempha mayina. Herschel adatenga Titania ndi Oberon m'sewero la William Shakespeare, Ariel ndi Umbriel m'ndakatulo ya Alexander Pope. Mwambo umenewu udakhazikika, moti miyezi ya Uranus imene idatulukiridwa pambuyo pake imapatsidwa mayina ochokera kwa alembi awiri omwewa.

Atakalamba adadzipatsa ntchito yaikulu, yomasulira m'Chingerezi Iliad ya Homer, ndakatulo ya mizere yoposa 15,000, motsatira kayendedwe ka mizere ya Chigiriki. Iye ndi Whewell adakambirana kwa zaka zambiri ngati Chingerezi chingavine mang'ombe amenewo, ndipo ankatsutsana pa kalemeredwe ka mawu mosamala ngati mmene ankatsutsirana pa manambala. Bukulo lidatuluka mu 1866, Herschel ali ndi zaka 74. Kunena zoona, si kumasulira kumene anthu amakuwerenga masiku ano, ndipo Herschel sadali mlakatuli wamkulu. Koma khutu lozolowera ndakatulo lidamuthandiza kulemba za sayansi momveka, n'chifukwa chake buku lake la za nyenyezi la mu 1849 lidasindikizidwa kambirimbiri n'kumasuliridwa mpaka m'Chitchaina.

Kalata imodzi idayatsa moto pakati pa mayiko. Pa 23 Seputembala 1846 Johann Galle wa ku Berlin adaona pulaneti ya Neptune pamalo pamene Mfalansa Urbain Le Verrier adawerengetsera ndi masamu. Patangopita masiku ochepa, Herschel adalembera magazini ya Athenaeum kuti mnyamata wa ku Cambridge, John Couch Adams, adachitanso masamu ofananawo. Afalansa adapsa mtima, poona ngati Angerezi akufuna kulanda ulemu wa munthu wawo, ndipo sitingawadzudzule kwambiri chifukwa ntchito ya Adams idali isanasindikizidwe. Herschel adayesetsa kuzimitsa moto umene adayatsa. Adalembera Le Verrier mofatsa, ndipo mu 1847 adaitana anyamata awiriwo kukacheza kunyumba kwake ku Collingwood. Adams ndi Le Verrier adakhala paubwenzi kuyambira nthawi imeneyo.

Herschel adamwalira pa 11 Meyi 1871 ndipo adaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey, pafupi ndi Isaac Newton. Mu 1882 Darwin adaikidwa pambali pake penipeni.

Tsopano tibwerere kwa Thomas Maclear, amene adatsala ku Cape mnzake atapita. Iye ndi Herschel adapitiriza kulemberana, ndipo mu 1852 kunyumba yoonera nyenyezi kuja kudabwera mmishonale wofuna kuphunzira kupeza malo ake padziko poyang'ana kuthambo. Adali David Livingstone. Maclear adamuphunzitsa kuyeza kutalika kwa nyenyezi pamwamba pa chizimezime ndi mtunda wa pakati pa mwezi ndi nyenyezi, pogwiritsa ntchito kachipangizo kam'manja ndi wotchi yolondola. Pa maulendo ake, kuyambira uja wochokera ku Luanda kukafika ku Quelimane mpaka wa mumtsinje wa Shire, Livingstone ankadzuka usiku kuyeza nyenyezi, n'kulemba manambalawo m'makalata opita ku Cape. Makalatawo ankayenda ndi amtengatenga, ndi mabwato, ndi sitima, miyezi ingapo panjira. Akafika, Maclear ndi omuthandiza ankakhala pansi kuwerengetsa, ndipo manambala aja ankasanduka madontho enieni pa mapu. Mitsinje ndi nyanja zimene eni dziko ankazidziwa kuyambira makolo zidalowa m'mapu a ku Ulaya kudzera m'njira imeneyi, ndipo m'mbuyo mwa mapuwo mudabwera amishoni, amalonda ndi atsamunda.

Livingstone adafika pa nyanja yathu mu Seputembala 1859, ndipo poyendera nyanjayo ndi bwato mu 1861 adatcha ndomo ya kumwera kwake dzina la mnzake wowerengetsa manambala uja. Ndiye Cape Maclear wa ku Mangochi, kumene kuli mudzi wa Chembe, kumene mishoni ya Livingstonia idayambira mu 1875 isanasamukire kumpoto. Omvera a ku Mangochi ndi nonse amene mudzapiteko, dziwani kuti dzinalo ndi la katswiri wa nyenyezi amene ankadziwa malowo kudzera m'manambala a m'makalata basi. Maclear adachita khungu atakalamba, adamwalira ku Cape Town mu 1879, ndipo sadapondepo phazi pa gombe limene limatchedwa dzina lake.